Mkangano wa ku Canterbury usagawe akhristu a m'minda ya tiyi

Lamulungu m'mawa, madengu othyolera tiyi akapumula, tinjira todutsa m'minda ya ku Thyolo timadzaza ndi anthu opita kukapemphera. Ena amalowera ku Katolika, ena ku CCAP, pomwe a Seventh Day a ku Malamulo amakhala atathana nazo dzulo lake. Pakati pa anthuwa pali akhristu a mpingo wa Anglican, amayi atatchena zoyera ndi zabuluu za Mothers' Union, abambo atapanira buku la mapemphero kukhwapa.

Ambiri mwa iwo sadakwerepo ndege. Koma mpingo wawo uli paubale ndi mipingo inzake m'maiko oposa 165, ndipo ubalewo wagwedezeka. Pa 3 October 2025 kudalengezedwa kuti mayi Sarah Mullally, omwe adali bishopu wa London, ndiwo asankhidwa kukhala Akibishopu wa Canterbury, mayi woyamba pampandowu. Pasanathe masabata awiri, pa 16 October, gulu la Gafcon kudzera mwa wapampando wake, Akibishopu Laurent Mbanda a ku Rwanda, lidalengeza kuti silikuzindikiranso Canterbury ndi mabungwe omwe akhala akulumikiza mipingo ya Anglican, ndipo lidati Anglican weniweni wa padziko lonse tsopano ndi ilo.

Mayi wothyola tiyi ku Satemwa kapena ku Makandi angathe kufunsa kuti zimenezi zikumukhudza bwanji. Zikumukhudza ndithu, chifukwa mikangano yotere ikatsika m'ndege imafika mpaka pakhomo la tchalitchi, ndipo m'dziko muno idafikapo kale.

Choyamba choti chimveke n'chakuti mpingo wa Anglican ulibe Papa. Akibishopu wa Canterbury sangachotse wansembe wa ku Thyolo, sangasamutse bishopu wa ku Blantyre, ngakhale kulamula kuti chopereka cha parishi chigwire ntchito yakuti. Pali zigawo 42 zodziimira pazokha, chilichonse ndi malamulo ake. Malawi ali m'chigawo cha Central Africa, chomwe chidakhazikitsidwa mu 1955, pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi Botswana. M'dziko muno muli madayosizi anayi: Northern Malawi, Lake Malawi, Upper Shire ndi Southern Malawi, ndipo Thyolo ali mu yomalizayi.

Zomwe zimamanga zigawozi pamodzi ndi zingwe zinayi, zonse zofewa. Pali mpando wa Canterbury. Pali msonkhano wa Lambeth, komwe mabishopu amakumana pafupifupi zaka khumi zilizonse. Pali bungwe la Anglican Consultative Council, lomwe lidakumana koyamba ku Limuru m'dziko la Kenya mu 1971, ndipo ndi lokhalo mwa zinayizi lomwe mumakhala akhristu wamba. Chomaliza ndi mkumano wa akuluakulu a zigawo, womwe udayamba mu 1979. Palibe ngakhale chimodzi chomwe chigamulo chake ndi lamulo pa chigawo china.

Anthu a ku Thyolo, komwe mabanja ambiri ndi a chikamwini, sangavutike kumvetsa dongosolo lotere. Akibishopu wa Canterbury ali ngati mwinimbumba. Amaitanitsa abale pakagwa zovuta, amakhala pampando nkhani ikamakambidwa, mawu ake amalemera, koma salowa m'nyumba ya mlongo wake n'kuyamba kugawa ndiwo. Akaitana abale n'kukana kubwera, alibe apolisi oti awatumize. Mphamvu zake zonse zagona poti abalewo akufunabe kumamuyankha.

Ena amaona ngati kukangana kwayamba lero, koma ubalewu udabadwira m'mikangano. Msonkhano woyamba wa Lambeth udachitika mu 1867, ndipo china mwa zifukwa zake chidali mlandu wa bishopu John Colenso wa ku Natal, yemwe anzake ankati akuphunzitsa zosokoneza. Mwa mabishopu 144 oitanidwa, 76 okha ndiwo adabwera, ndipo Akibishopu wa York adakana kupitako. Chodabwitsa n'choti bishopu Charles Mackenzie, yemwe adabweretsa mpingowu ku Magomero mu 1861, adagwirapo ntchito pansi pa Colenso yemweyo ku Natal. Mackenzie adamwalira mu January 1862 pomwe mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, ndipo Ruo ndi mtsinje womwewo womwe umalekanitsa mbali ina ya Thyolo ndi Mozambique.

Mkangano wa masiku ano udakolera mu 1998, pomwe msonkhano wa Lambeth udagwirizana kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Mu 2003 mpingo wa ku America udadzoza Gene Robinson, yemwe ankakhala ndi mwamuna mnzake, kukhala bishopu wa New Hampshire. Mu 2008 mabishopu osakondwa adakumana ku Jerusalem n'kuyambitsa Gafcon. Mu 2022 zigawo za Nigeria, Uganda ndi Rwanda zidanyanyala msonkhano wa Lambeth, ndipo mu February 2023 mpingo wa ku Mangalande udavomereza mapemphero odalitsa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha omwe akukhalira limodzi. Pakatipa padayesedwa zolemba pangano lomanga zigawo zonse, koma madayosizi a ku Mangalande komweko adalikana mu 2012.

Pankhani ya ukwati, akhristu ambiri a m'midzi ndi m'makomboni a ku Thyolo ali ndi maganizo awo ndipo sawabisa. Funso si loti asinthe maganizowo. Funso ndi loti kodi kusiyana maganizo ndi mbale wa kutali kukhale chifukwa chogumulira nyumba ya kuno.

Dayosizi ya Lake Malawi ikudziwa mtengo wake. Mu 2005 idasankha wansembe wa ku London, a Nicholas Henderson, kukhala bishopu. Khoti la mabishopu a chigawo lidakana kuvomereza chisankhocho ponena kuti chikhulupiriro chawo n'chokayikitsa, makamaka poona bungwe lomwe adalitsogolerapo ku Mangalande. Akhristu adagawikana, ena kumbali ya mabishopu, ena kumbali ya munthu yemwe adamusankha. Dayosiziyo idakhala yopanda bishopu wakewake mpaka a Francis Kaulanda atadzozedwa mu 2010. Zaka zonsezo ku London ndi ku New Hampshire ankapemphera mwamtendere, koma osalonjerana adali anthu a ku Nkhotakota ndi ku Lilongwe.

Ku Zimbabwe zidafika poipitsitsa. Mu 2007 bishopu wa Harare, Nolbert Kunonga, adalengeza kuti akutulutsa dayosizi yake m'chigawo cha Central Africa, ati chifukwa cha nkhani yomweyi ya amuna okwatirana okhaokha. Adatenga matchalitchi, sukulu ndi nyumba za ansembe. Akhristu okhulupirika ku chigawo ankapempherera pansi pa mitengo ndi m'maholo obwereka, nthawi zina apolisi akuwathamangitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Katundu adabwerera khoti lalikulu la dzikolo litagamula mu November 2012. Nkhani ya chiphunzitso idasanduka nkhani ya makiyi ndi maloko.

Palinso nkhani ya a James Tengatenga, omwe adali bishopu wa Southern Malawi, bishopu wa akhristu a ku Thyolo omwewa, kuyambira 1998 mpaka 2013. Mu 2009 adasankhidwa kukhala wapampando wa Anglican Consultative Council, udindo womwe adausenza mpaka msonkhano wa ku Lusaka mu 2016. Mmalawi ndiye ankagwira chimodzi mwa zingwe zinayi zija. Koma mu 2013, atasiya ubishopu kuti akayambe ntchito pa koleji ya Dartmouth ku America, kolejiyo idabweza ntchitoyo chifukwa cha zomwe adayankhulapo m'mbuyomo pankhani ya amuna okondana okhaokha. Mngelezi adakanidwa ku Malawi ati walekerera kwambiri, Mmalawi adakanidwa ku America ati waumitsa kwambiri. Woima pakati amalandira miyala yochokera mbali zonse ziwiri, komabe ubale wa mtundu uwu umakhalapo chifukwa cha anthu ovomera kuima pamenepo.

Izi sizikutanthauza kuti Canterbury ndi woyera. A Justin Welby adalengeza zotula pansi udindo mu November 2024 lipoti litaulula kuti mpingo wa ku Mangalande udalephera kuchitapo kanthu pa nkhanza za John Smyth, loya yemwe ankakwapula anyamata mwankhanza zosaneneka. Ansembe ena adadziwa za nkhanzazi kuyambira mu 1982, koma munthuyo adasamukira ku Zimbabwe mu 1984, komwe adapitiriza kuchititsa misasa ya anyamata, kenako ku South Africa komwe adamwalira mu 2018. Pano ndiye pomwe ubale udalephera zenizeni. Mabishopu adapeza nthawi yolemberana makalata aatali otsutsana pa za ukwati, koma chenjezo loti ana a ku Africa atetezedwe silidayende ndi liwiro lomwelo. Mbale wodziwa kuti galu wake ngwachiwewe samutumiza kwa mlongo wake mwakachetechete.

Komanso a Gafcon ali ndi mfundo imodzi yovuta kuikana. Akhristu ambiri a Anglican omwe amapita kutchalitchi Lamulungu ali muno mu Africa, koma mwinimbumba amakhala ku Mangalande nthawi zonse, ndipo dzina lake limadutsa kwa nduna yaikulu ndi mfumu ya dzikolo. Pa chisankho cha mayi Mullally, mwa anthu 17 oponya voti, asanu okha ndiwo adaimira zigawo za kunja kwa Mangalande, ndipo kumeneko kudali kuwonjezera poyerekeza ndi kale. Wothyola tiyi akuidziwa bwino nkhani yotereyi. Thukuta limagwera ku Thyolo, mtengo umadulidwa pamsika wa ku Limbe, ndipo womwa ali kutsidya la nyanja.

Koma mankhwala a nthenda imeneyi si kusamuka pamudzi. Mu December 2024 komiti ya mpingowu yoona za chikhulupiriro ndi umodzi idatulutsa maganizo otchedwa Nairobi-Cairo, omwe mwa zina adapempha kuti utsogoleri wa ubalewu usamangokhala pa Canterbury yekha, koma uzigawidwa kwa akuluakulu a zigawo zina. Njira yake ndi imeneyo: kukonza mpando wa mwinimbumba abale onse ali pabwalo. Kuchotsa London n'kuikapo Kigali kapena Abuja sikungasinthe kanthu kwa mkhristu wa ku Luchenza ngati zigamulo zipitirire kumupeza atazimva pawailesi.

Nkhani yakuti mtsogoleri ndi mayi nayo isakhale chopunthwitsa chachikulu monga ena akuikuzira. Chigawo cha Central Africa chidakhala zaka zambiri chikukana kudzoza amayi, koma mu 2023 sinodi yake idalola kuti dayosizi yomwe yakonzeka itha kutero, yomwe sinakonzeke isakakamizidwe. Ngati Botswana ndi Malawi angathe kuyenda mosiyana pankhaniyi n'kumadyerabe mbale imodzi, chovuta n'chiyani kuti zomwezo zichitike pakati pa Blantyre ndi Canterbury? Ndipo aliyense wolowa m'tchalitchi cha kumudzi amaona yekha omwe amadzaza mabenchi, kusesa, kuphika pamaliro ndi kuyendera odwala.

Zoona zake n'zakuti chomwe chasunga ubalewu kwa zaka zoposa 150 si misonkhano ya mabishopu yokha. Ndi dayosizi ya Birmingham, yomwe yakhala paubwenzi ndi mpingo wa ku Malawi kuyambira 1966. Ndi zipatala za St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's ku Likoma, zomwe sizifunsa wodwala kuti ali mbali iti. Ndi Mothers' Union, yomwe Mary Sumner adaiyambitsa mu 1876 ndipo idafalikira m'maiko oposa 80. Ndi mnyamata wa ku Bvumbwe yemwe akafika ku Johannesburg kukasaka ganyu amalowa m'tchalitchi cha Anglican, n'kupeza kuti ngakhale chiyankhulo n'chachilendo, nthawi yogwada ndi yoimirira akuidziwa.

Chibale n'kuyenderana. Mu October 2011, pokumbukira zaka 150 chifikire mpingowu ku Magomero, Akibishopu Rowan Williams adabwera m'dziko muno ndipo adafika pa tchalitchi cha All Saints ku Thyolo. Atachoka kuno adapita ku Harare, komwe adakumana ndi Robert Mugabe n'kumupatsa chikalata cha mazunzo omwe akhristu ankakumana nawo m'manja mwa gulu la Kunonga. Adalibe mphamvu yolamula aliyense, koma adapita. Pa tsiku ngati limenelo akhristu otsekeredwa kunja kwa matchalitchi awo adaona phindu lokhala ndi achibale akutali.

Tsono mabishopu a m'dziko muno ali ndi ngongole kwa nkhosa zawo. Chigawo cha Central Africa sichidali m'gulu la onyanyala Lambeth mu 2022, koma kukhala chete pankhani yaikulu chonchi kumapatsa mpata mphekesera za pa WhatsApp, ndipo mlendo wobwera ndi ndalama ya denga la tchalitchi atha kubweranso ndi pepala loti lisainidwe. Parishi yodalira chopereka cha anthu olipidwa potengera makilogalamu a masamba savuta kuikopa.

Bishopu aliyense asanasaine kanthu, kaya n'kwa Canterbury kaya n'kwa Gafcon, nkhaniyi iyambe yafotokozedwa m'Chichewa chomveka m'maparishi, idutse ku khonsolo ya tchalitchi ndi ku sinodi ya dayosizi komwe akhristu wamba ali ndi voti. Afotokozedwenso momveka kuti malo, sukulu ndi nyumba ya abambo mfumu zidalembedwa m'dzina la ndani, pakuti ku Harare funso limeneli lidatenga zaka zisanu m'makhoti.