Kukula kwa nkhokwe ya mapulogalamu ya Debian

Nkhokwe ya Debian ndi malo a pa intaneti osungirako mapulogalamu onse a Debian, dongosolo loyendetsa kompyuta lomwe aliyense ali ndi ufulu wolitenga, kulisintha ndi kuligawa. Ian Murdock ndiye anayambitsa Debian mu Ogasiti 1993, ndipo ntchito yake amaigwira ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Ubuntu nayo imatenga mapulogalamu ake ambiri m'nkhokwe yomweyi.

Mmene yakulira

Mapulogalamuwa amasungidwa m'mapaketi. Debian 12, yomwe inatuluka pa 10 Juni 2023, inali ndi mapaketi 64,419 odya malo okwana 365 GB. Debian 13 itatuluka pa 9 Ogasiti 2025 mapaketi anafika 69,830 ndipo malo anakwera kufika 403 GB, ngakhale kuti mapaketi oposa 8,840 anali atachotsedwa.

Katunduyu amachuluka chifukwa pulogalamu imodzi imapangidwa kangapo, kamodzi pa mtundu uliwonse wa purosesa. Maseva a mayunivesite ndi makampani, kuphatikizapo ena a ku South Africa ndi Kenya, amakopera nkhokweyi mwaulere kuti anthu azitengera pafupi. Ikakula, iwowa ndiwo amagula madisiki ena.

Njira zoichepetsera

Zina mwa njirazi sizipweteka munthu. Paketi yogwiritsidwa ntchito m'matulutsidwe angapo imasungidwa kamodzi kokha. Mafayilo ofufuzira zolakwika ali ndi nkhokwe yawoyawo, ndipo Debian zakale zimasamutsidwira ku archive.debian.org. Paketi yokhala ndi vuto lalikulu lomwe palibe akulikonza imachotsedwa yokha pa mndandanda wa Debian yotsatira.

Njira yowawa ndi kusiya mtundu wonse wa purosesa. Debian 13 inalandira riscv64, koma inasiya mipsel ndi mips64el, ndipo siingakhazikitsidwenso pa makompyuta a 32-bit otchedwa i386. Apa nkhani si malo okha, chifukwa mapaketi ambiri a i386 adakalipo kuti mapulogalamu akale aziyenda pa makina a 64-bit. Chimene chikusowa kwenikweni ndi anthu oyesa ndi kukonza zinthu pa makina omwe opanga mapulogalamu ambiri anawataya kalekale.

Zotsatira zake ku Malawi

Makina otayidwa kwinako nthawi zambiri ndi omwe amafika kuno ngati mphatso kapena a kaunjika. Sukulu kapena ofesi ya ku Chitala m'boma la Salima, dera lodziwika ndi malo ofufuzira za ulimi, ikakhala ndi kompyuta ya 32-bit iyenera kukhalabe pa Debian 12, yomwe ilandira zokonza za chitetezo mpaka Juni 2028. Ikadzakwana nthawiyo, mwina kugula makina ena, mwina kufuna dongosolo lina. Ndi bwino kuyamba kufufuza purosesa, poti makompyuta ambiri ooneka akale ndi a 64-bit kale.

Kukula kwa nkhokwe pakokha sikudya bandulo ya Airtel kapena TNM, popeza kompyuta imatenga mndandanda wa mapaketi ndi mapaketi okhawo omwe ikufuna. Ndalama zimatha pamene makompyuta khumi a m'chipinda chimodzi akukoka paketi yomweyo aliyense payekha. Pulogalamu ya apt-cacher-ng imasunga paketiyo pa kompyuta imodzi, enawo n'kumatengera pomwepo.