DIRESI LOSOKA MAYI LILIBE MANYAZI

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Loweruka lapitali tinaitanidwa kuphwando la tsiku lobadwa la mtsikana wina wa pasukulu imene tiphunzitsa. Wakwanitsa zaka 10. Mayi ake anagula nsalu, nabwereka makina kwa alamu awo, nasoka madiresi awiri ofanana, lina la mwini tsiku, lina la mng'ono wake. Panali thobwa, zitumbuwa ndi nkhuku imodzi. Koma tinamva amayi ena alikunong'onezana kuti diresi losokera pakhonde siliyenera tsiku lotere, bwenzi atamgulira la pakaunjika. Mwanayo anamva, nakabisala kuseri kwa nkhokwe, nakana kutuluka.

Nkhaniyi yatiwawa, chifukwa chake tailemba. Kodi manyazi amenewa tinawatola kuti?

Makolo athu sanali otero. M'chaka cha 1859, pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire, anapeza Amang'anja alikulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zawo. Luso limenelo linazilala pamene nsalu zakunja zinadzaza m'masitolo. M'chaka cha 1967 fakitale ya David Whitehead inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo thonje la alimi athu linayamba kusanduka nsalu m'dziko momwe muno. Tsono kuyambira zaka za m'ma 1990 mabelo a kaunjika anasefukira m'misika, fakitaleyo inafooka nigulitsidwa mu 2003, ndipo matelala ambiri anatsala ndi ntchito yongobweza ndi kuphatika zigamba. Lero mwana wa mlimi wa thonje achita manyazi ndi msoko wa mayi ake, nanyadira chovala chimene mwana wa ku Ulaya anatopa nacho!

Taonani anzathu a ku India. Mahatma Gandhi, amene anabadwa pa 2 October 1869, anaphunzitsa anthu ake kuvala nsalu yopota ndi kuomba okha, yotchedwa khadi. Mu 1921 anatentha nsalu zakunja poyera mumzinda wa Bombay, ndipo omtsatira ankakumbukira tsiku lake lobadwa mwa kupota thonje. Nawonso a ku Rwanda anakweza msonkho wa kaunjika mu 2016 kuti osoka a kwawo apeze msika. Mu 2018 dziko la America linawalanga powachotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko popanda msonkho, koma iwo sanabwerere m'mbuyo.

Ena adzati: Aphunzitsi, kaunjika ndiye wotsika mtengo, ndipo nsalu imene mayiyo anasoka mwina inachokeranso kunja. Zoonadi, sitikana. Ife tomwe tili nawo malaya a pabelo, ndipo sitiuza munthu wosauka kuti ayende wausiwa. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Pogula chovala chosokedwa kale, ndalama yolipira msoko ipita kutali, osabweranso. Posoka tokha, kapena kwa telala wa pamsika pathu, ndalama imeneyo itsala pano, nigula mchere, makope ndi feteleza. Ndiponso mayi wosoka asiya mpindiro waukulu kuti audzatsitse mwana akakula. Diresi likachepa alandira mng'ono wake, zidutswa zisanduka zigamba. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chifukwa chake tipempha zinthu zitatu. Choyamba, pasapezeke membala wa nthambi ino woseka mwana chifukwa cha chovala chosokedwa pakhomo. Chachiwiri, amayi odziwa kudula ndi kusoka apatule madzulo amodzi pa sabata kuphunzitsa atsikana, ndi anyamata omwe, pakuti singano sisankha dzanja. Chachitatu, pamsonkhano ukudzawu tikambirane zosonkherana kuti tigule makina amodzi opalasa ndi phazi, oti aliyense azisokerapo mwa dongosolo. Mutu umodzi susenza denga.

Za mtsikana uja, agogo ake ndiwo anakamtenga kuseri kwa nkhokwe, namuimika pakati pa bwalo, nafunsa kuti ndani mwa onong'onawo angasoke khosi la diresi loongoka chotero. Panalibe woyankha. Mwanayo anavina mpaka dzuwa kulowa, ndipo Lamulungu anavalanso diresi lomwelo kutchalitchi.

Bwerani nonse kumsonkhano, ndipo amene ali ndi chovala chosoka yekha abwere atavala.

Mlembi wa Nthambi