Mabaluni a ku Paris sananyamule wovulala ndi mmodzi yemwe

Pali nkhani imene yakhala ikuyenda zaka zambiri m'mabuku ophunzitsa chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo lero imapezeka paliponse pa intaneti akamakamba za ambulansi ya m'mwamba. Akuti kuulutsa asilikali ovulala kunayamba mu 1870, asilikali a ku Prussia atazinga mzinda wa Paris, ndipo akuti ovulala 160 anawatulutsa mumzindamo pa mabaluni. Kuno ku Salima nkhani zotere sizisowa omvera. Sukulu ya asilikali ya MAFCO ili pompano, asilikali odumpha m'ndege ali ku Senga Bay, ndipo mabanja ambiri m'mbali mwa nyanja muno ali ndi m'bale wawo wovala yunifomu. Ndiye isanazike mizu pakati pathu, tinene mosapita m'mbali kuti nkhaniyi ndi yabodza.

Mabaluniwo analipodi. Paris inazingidwa kuyambira September 1870 mpaka January 1871, ndipo pa miyezi imeneyi mabaluni oposa 60 anauluka kuchoka mumzindamo. Ankawasokera m'masiteshoni a sitima, poti sitima zinali zitasiya kuyenda. Ananyamula makalata oposa 2 miliyoni, nkhunda zoti zikabwerere ndi mayankho, komanso anthu otumidwa ndi boma. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi nduna ya za m'dziko, Léon Gambetta, amene anauluka pa 7 October 1870 kukasonkhanitsa asilikali atsopano kunja kwa mzinda.

Koma taonani baluniyo mmene inaliri. Inali yansalu yopakidwa vanishi, yodzazidwa ndi gasi wa malasha yemwe ankayatsira nyali za m'misewu, gasi woti akakumana ndi kamoto kakang'ono basi zatha. Pansi pake pankalendewera dengu, ndipo m'dengumo munkakhala woyendetsa, munthu wina mmodzi kapena awiri, matumba a makalata ndi matumba a mchenga. Malo ogoneka munthu munalibe. Chiwongolero panalibenso. Inali ngati bwato lopanda nkhafi tsiku la mwera: kumene mphepo yaloza, inunso ndi komweko. Baluni ina inakagwera ku Norway, makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Paris. Awiri anasowera m'nyanja yamchere. Ena anagwera m'manja mwa adani, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inakwanitsa kubwereranso mumzindamo. Pothawa zipolopolo anayamba kuuluka usiku, m'nyengo yachisanu choopsa, ndipo potera dengu lija linkakhwekhwerezeka m'minda ndi kuwomba mitengo.

Ndi dokotala uti angatenge munthu wotuluka magazi, n'kumuchotsa mumzinda wa zipatala zikuluzikulu, kukamuika m'dengu lotere kuti akatere kosadziwika?

Mayina a amene anakwera mabaluniwa analembedwa, ulendo ndi ulendo. Mu 1988 dokotala wa asilikali a ku America, David Lam, anafalitsa zimene anapeza atafufuza zolembedwazo, ndipo sanapezemo ulendo wonyamula wodwala kapena wovulala. Chochititsa chidwi n'chakuti mukaphatikiza oyendetsa ndi okwera onse, chiwerengero chimafika cha m'ma 160 momwemo. Zikuoneka kuti wina anatenga anthu alunga n'kuwasandutsa ovulala, ndipo olemba mabuku otsatira anangokopera osafunsa.

Ena anena kuti, nanga zili ndi ntchito yanji, poti ndi zakalekale komanso zakutali? Zili nayo ntchito, chifukwa bodzali limapangitsa chinthu chovuta kuoneka chophweka, ngati kuti munthu atangotha kuuluka, ovulala anayamba kupulumuka tsiku lomwelo. Sizinatero. Ndege yoyamba inauluka mu 1903, koma akuluakulu a nkhondo anakhala zaka akukana kuikamo wovulala, ndipo sitingawanene kwambiri poganizira mmene ndegezo zinkagwera. Chiyambi chenicheni chinabwera chifukwa chosowa pogwira. Chakumapeto kwa 1915 asilikali a ku Serbia anagonja n'kuyamba kuthawa kudutsa m'mapiri, ndipo oyendetsa ndege a ku France amene ankawathandiza ananyamula odwala ndi ovulala owerengeka m'ndege zankhondo wamba, atawakhazika pa mpando wa wopenyerera adani. Mmodzi mwa onyamulidwawo anali Milan Štefánik, amene pambuyo pake anathandiza kukhazikitsa dziko la Czechoslovakia. Mu February 1917, m'chipululu cha Sinai, msilikali wa Britain wowomberedwa pa kakolo anaulutsidwa kwa mphindi 45, ulendo umene pa ngamira ukanamutengera masiku. Mu 1920, pa nkhondo ya ku Somaliland, Angerezi anakhoma chibokosi kumbuyo kwa woyendetsa ndege ya DH.9 kuti mulowe machira amodzi. Amodzi okha.

Chomwe chimatiwawa kwambiri pa nthano ya ku Paris n'chakuti imaphimba za makolo athu. Pa nkhondo ya Chiwaya, kuyambira pamene mfuti zinalira ku Karonga mu September 1914, ambulansi ya wovulala inali phewa la mnzake. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwidwa kukagwira ntchito ya tengatenga. Ankasenza ufa, zipolopolo ndi zida, ndipo pobwerera ankasenza anthu pa machira: nsalu yomangirira ku mtengo wautali, awiri kutsogolo ndi kumbuyo, ena akuyenda pambali kudikira kulandira. Mtengowo unkanyula phewa mpaka zilonda. Akafika kunyanja m'pamene sitima monga Guendolen ndi Chauncy Maples zinkalandira katunduyo, m'nyanja yomweyi imene timaionera ku Domira Bay ndi ku Senga Bay. Ndipo machira sanali a aliyense. Mzungu ankanyamulidwa, koma wa tengatenga akagwidwa ndi kamwazi kapena chibayo, nthawi zambiri ankangotsala m'mbali mwa njira. Izi zinkachitika zaka zoposa 40 pambuyo pa mabaluni amene akuti anayambitsa ambulansi ya m'mwamba.

Asilikali athu anadzaona ndege zikunyamula ovulala mochuluka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ku Burma. Mu 1944 mabataliyoni a KAR a ku Nyasaland anali m'gulu la 11th East African Division limene linalowa m'chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, m'matope, malungo ali ponseponse. Kumeneko tindege ting'onoting'ono tinkatera pa mabwalo olambulidwa m'nkhalango n'kutenga ovulala mmodzimmodzi, kukawasiya pamene ndege zazikulu za Dakota zikanatha kutera. Ku Burma komweko, mu April 1944, helikopita inapulumutsa anthu kunkhondo koyamba: Carter Harman wa ku America anatulutsa anthu anayi m'nkhalango, mmodzimmodzi, chifukwa makinawo analibe mphamvu yonyamula awiri.

Ife a kunyanja nkhani imene ikutikhudza kwambiri ndi ya pa nyanja ya Indawgyi, ku Burma komweko. Pakati pa 1944 mvula inasandutsa mabwalo a ndege kukhala madambo, odwala ndi ovulala a gulu la asilikali a Britain lotchedwa Chindits n'kusowa potulukira. Angerezi anatumiza ndege ziwiri zotera pamadzi za Sunderland, zimene asilikali anazitcha Gert ndi Daisy. Zinkanyamuka pa mtsinje wa Brahmaputra ku India, kudutsa mapiri m'mitambo, n'kukatera panyanjapo, ndipo zinatulutsa anthu oposa 500. Komabe ndegeyo inali gawo limodzi chabe la ntchito. Panafunika anthu onyamula odwala mpaka kugombe, mabwato owafikitsa pa ndege, owasamalira podikira, ndi chipatala chowalandira kutsidyako. Nyanja yathu nayo inalandirapo ndege zotere: mu 1949 ndi 1950 ndege za BOAC zinkatera ku Cape Maclear, koma zinkanyamula apaulendo andalama.

Ndiye wina akamafunsa kuti bwanji wovulala pa ngozi kuno amayendabe makilomita pafupifupi 100 pa msewu kukafika ku Lilongwe, kapena bwanji namondwe wa Freddy atatigwera mu March 2023 tinachita kudalira mahelikopita a ku Tanzania ndi Zambia, funsolo ndi loyenera ndipo lifunsidwe kwa aphungu athu mosatopa. Koma lisatsamire pa mabaluni. Litsamire pa Indawgyi ndi Kabaw, pamene tingathe kuwerenga zimene zinafunika, kuyambira mafuta ndi potera mpaka namwino wodikira pakhomo.

Aphunzitsi a usilikali ndi a unamwino, ngati chiganizo cha ovulala 160 chili m'zolemba zanu, chifufuteni. Pamalo pake lembani 1915 ndi dziko la Serbia, ndipo muwauzenso ophunzira anu za amuna a tengatenga.