Katemera wa chitopa sachiza nkhuku yodwala kale

Kunja kukangoyamba kutentha, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, foni yanga siipuma. "Alangizi, bwerani ndi katemera, nkhuku zikutha!" Ndikafika ndimapeza zina zagwetsa mapiko ngati zavala jekete, zina zapinda khosi, zitosi zili zobiriwira. Zikafika apo, alimi anzanga, palibe chimene ndingachite. Chitopa chilibe mankhwala. Tsabola, phulusa ndi makapisozi a anthu amene mumasungunulira m'madzi sizipha kachirombo kake.

Boma limapanga katemera wa chitopa wotchedwa I-2 ku labotale yake ya ziweto ku Lilongwe. Safuna jakisoni: dontho limodzi m'diso limodzi basi, kaya ndi tambala, thadzi kapena mwanapiye woswedwa dzulo. Komatu ntchito yake ndi kuteteza nkhuku yomwe ili bwinobwino, ndipo pamatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti chitetezo chikhwime. Mukatemera matenda atalowa kale m'khola, nkhuku zifabe, kenako mbiri n'kumveka mudzi wonse kuti katemera wa boma ndiye wapha nkhuku. Ndaimva nkhaniyi kambirimbiri, ndipo imandiwawa chifukwa chaka chotsatira anthu amakana kutemera.

Chitetezocho sichamuyaya. Bwerezani pakatha miyezi inayi iliyonse, katatu pachaka, ngakhale kulibe mphekesera ya matenda.

Boma nalo lili ndi mbali yake yofunika kukonza. Alangizi a ziweto ndi ochepa, madera ndi aakulu, ndipo nthawi zina katemera amafika kumidzi chitopa chitadutsa kale. Izi timazinena kumisonkhano. Koma ngakhale atafika pa nthawi yake, boma silingagwire nkhuku yogona mumtengo, ndiponso silingaime pa msika uliwonse kuletsa munthu amene waona ziwiri zafa n'kuthamangitsa zotsalazo panjinga kuti apezeko kangachepe. Nkhuku yotchipa modabwitsa ija ndi imene imabweretsa chitopa pakhomo panu. Yogula kapena yopatsidwa ndi achibale, itsekereni payokha sabata ziwiri. Yakufa ikwirireni mozama kapena itentheni, osaponyera agalu.

Kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku za makomo ambiri, ndipo kakatsegulidwa sikachedwa kutha mphamvu. Choncho gwirizanani m'mudzi kapena pakalabu, werengani nkhuku zonse, sonkhani ndalama, muuze mlangizi kapena wotemera wa m'dera lanu tsiku limodzi. Tsikulo musazitsegulire m'mawa, ndipo kabotoloko kakhale pamthunzi, kokulungidwa m'kansalu konyowa.