Thalauza tinalimenyera nkhondo, nanga mnzathuyu timusiye yekha?

Atsikana anzanga, pali nkhani imene timangoinong'ona mu inbox. M'makoleji athu muli ophunzira a transgender. Awa ndi anthu amene pobadwa analembedwa kuti ndi amuna koma eni ake amadzidziwa kuti ndi akazi, kapena analembedwa kuti ndi akazi koma amadzidziwa kuti ndi amuna. Ngati simunawaonepo, n'chifukwa choti anaphunzira kubisala. Koma fizi amalipira ngati ife tomwe.

Tsiku lawo limayamba kuvuta pa dzina. Lecturer akuitana mayina, watchula dzina lomwe mwini wake analisiya, kalasi yonse cheu! Pa mayeso invigilator ayang'ana ID, ayang'ana nkhope, abwereranso pa ID, kenako mafunso mokweza holo yonse ikumva. Ndiye pali chimbudzi. Akalowa cha amuna aopa kumenyedwa, akalowa cha akazi wina akuwa. Mapeto ake munthu amangosiya kumwa madzi kuti asafune kutaya madzi ali pa campus. Inu mungalembe mayeso bwinobwino mutagwira mkodzo kuyambira m'mawa?

Za dzinazi musaziyese zazing'ono. Ku Kenya, Audrey Mbugua anatengera kukhoti bungwe la mayeso la KNEC, lomwe lili ngati MANEB kuno, chifukwa setifiketi yake ya sekondale inali ndi dzina lachimuna. Mu 2014 High Court inalamula kuti apatsidwe setifiketi ya dzina lake latsopano, yosalembapo kuti mwamuna kapena mkazi. KNEC inachita apilo, mu 2019 n'kugonjanso. Magiredi anali omwewo, mutu womwewo. Chomwe ankafuna n'choti akapereka pepala pofunsira ntchito, zokamba zikhale za ntchito, osati za thupi lake.

Wina anena kuti kuno malamulo sakulola. N'zoona kuti mu June 2024 khoti linakana kuchotsa zigawo za Penal Code zoletsa kugonana kwa amuna okhaokha. Koma zigawo zimenezo sizikunena kuti wa transgender asalowe m'kalasi, kapena kuti muli ndi chilolezo chomujambula. Gawo 25 la Constitution likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Aliyense, asisi.

Komanso ife akazi tisaiwale msanga. Lamulo la 1973 la Decency in Dress linkaletsa mkazi kuvala thalauza ndi mini, ndipo linachoka pamene dziko limalowa m'matipate. Mu January 2012 mavenda ankavula amayi ovala mathalauza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, anthu akuonerera, ena akuseka. Ankati akuteteza chikhalidwe. Amayi anakwiya, anasonkhana ku Blantyre atavala mathalauza omwewo. Tsono gulu likazungulira wophunzira n'kumati "timuvule tione ngati ndi mkazi", mawu amenewo ndi achilendo kwa ife? Manja ake ndi omwe aja. Ndipo sasankha bwino ayi: mtsikana wometa tsitsi, wa mawu aakulu, wosewera mpira, nayenso amafunsidwa kuti atsimikize ukazi wake.

Ndikudziwa funso lomwe ena muli nalo: nanga chitetezo chathu ku hostel? Funsolo ndi labwino, palibe akusekeni. Tili ndi zifukwa zokhalira ndi mantha. Koma tiyeni tinene chilungamo, amene amatisowetsa mtendere timawadziwa: wofuna thupi kuti akukhozetse, chibwenzi chomenya, wobisalira panjira yamdima pochokera ku library. Mabafa opanda loko ndi makatani ong'ambika ndi vuto lathu tonse. Chimbudzi chimodzi chokhoma bwino, choti aliyense n'kulowa payekha, chingathandize mnzathu wa transgender, chingathandizenso iwe amene uli kumwezi ndipo ukufuna kusintha padi mosathamangitsidwa. Sipafunika kumanga nyumba yatsopano, ndi loko ndi chikwangwani basi.

Za chikhulupiriro chako palibe akukulanda. Utha kupita ku tchalitchi kapena ku mzikiti monga mwa masiku onse, n'kumuitanabe munthu dzina limene wakuuza. Mayina a pa Facebook ndi a ma DJ timawaloweza tsiku limodzi, ili lokha ndiye lativuta?

Ndipo ngati wakuululira za moyo wake, usafalitse, ngakhale kwa bestie. Nkhani ikafika kwa landilodi kapena kwa makolo omwe amalipira fizi, sukulu itha kuthera pomwepo. Kavidiyo kake kakagwa mu gulupu ya WhatsApp ya kalasi, usatumize kwina, usaikepo ka emoji koseka, lemba kuti admin achotse. Ukalemba iwe, mnzako amene amaopa kuyamba alembanso.

Ofuna mipando ya student union akabwera kudzapempha mavoti, afunseni kuti wophunzira wa transgender akazunzidwa akadandaule ku ofesi iti, ndipo ndani aonetsetse kuti dzina lake lisatuluke.