Wofuna thandizo asasanduke mesenjala

Mwana akagwiriridwa, nthawi siyidikira. Mankhwala oteteza ku kachirombo ka HIV, aja azachipatala amati PEP, amafunika kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Koma kale kholo la mwana wotere linkayambira kupolisi kukatenga kalata, n'kupita kukaima pamzere kuchipatala, n'kubwereranso kupolisi ndi lipoti la dokotala, kenako n'kumasakasaka ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Paliponse mwanayo ankafotokoza zomwe zam'chitikira kuyambira pachiyambi, kwa munthu wosam'dziwa. Ena ndalama ya minibasi inkawathera panjira, mlandu n'kufera m'mazira.

Pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre anazindikira kuti akatswiri analipo ndithu, kungoti aliyense anali kwake. Ndiye anatsegula malo a Chikwanekwane, pomwe dokotala, namwino, wapolisi, mlangizi ndi wa zachisamaliro amagwirira ntchito m'nyumba imodzi. Dokotala akamaliza kuyeza mwana, wapolisi ali m'chipinda chinacho kudikira kulemba sitetimenti, wa zachisamaliro akufufuza ngati mwanayo angabwerere kunyumba usiku womwewo. Malo otere aliponso ku zipatala zazikulu za Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthuwa akamaonana tsiku ndi tsiku amaphunzitsana. Wapolisi amene wamva za maola 72 sangauze mayi Lachisanu madzulo kuti abwere Lolemba. Dokotala wozolowerana ndi apolisi amadziwa kulemba lipoti lomwe likaime kukhoti osagwedezeka.

Tsono taganizirani mayi wamasiye. Bambo atangoikidwa, iye akufunika chikalata cha imfa, kalata ya amfumu, ofesi ya DC kapena ya Administrator General, banki, kampani ya penshoni, mwinanso loya. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu, koma pamene mayiyu akukwera ndi kutsika masitepe a maofesi atakumbatira envelopu ya khaki, alamu ake atuta kale mipando ndi njinga. Aliyense amene wam'yankha kuti "zimenezi si za kuno, mayi" wanena zoona. Koma ndi angati amene anyamula foni n'kuimbira mnzawo wa ofesi inayo kuti, "ndikukutumizirani mayi uje, abwera ndi mapepala awa, muone ngati pakusowa china"?

Chaka chilichonse akatswiri owerengera ndalama amasonkhana kunyanja ku Mangochi. Maloya ali ndi msonkhano wawo, madokotala nawo chimodzimodzi. Palibe cholakwika, koma kumeneko amakumana anthu a ntchito imodzi, olankhula zofanana. Chonsecho vuto la munthu silibwera logawidwa monga maphunziro a kukoleji. Mwini golosale amene akufuna ngongole yokulitsira bizinesi amafunika wom'konzera mabuku, wom'longosolera za msonkho wa ku MRA ndi wom'werengera mgwirizano wa kubanki asanasaine. Atatuwa akakhala osadziwana, amam'patsa malangizo otsutsana, ndipo wolipira ndi iyeyo.

Tichenjezane ziwiri. Choyamba, kudziwanaku kusasanduke kugawana kangachepe. Ngati loya akutumiza munthu kwa woyeza malo chifukwa amam'gawira pandalama, wothandizidwa pamenepo ndi loyayo. Mutumize kwa amene ntchito yake mwaiona, ndipo muuze wofuna thandizoyo kuti ali ndi ufulu wosankha wina. Chachiwiri, chinsinsi. Zotsatira za magazi a munthu kapena kukula kwa ngongole yake si zoponya pa gulu la WhatsApp. Mpempheni chilolezo, ndipo uzani mnzanuyo zokhazo zimene akufunikira pa ntchito yake.

Kudziwanaku sikulira nyumba yatsopano kapena thandizo lakunja. Pa boma lililonse dokotala, wapolisi wa Victim Support Unit, wa zachisamaliro, wa kubanki ndi woimira milandu angathe kumakumana kamodzi pamwezi, aliyense n'kufotokoza mapepala omwe amafuna ndi masiku omwe amapezeka. Inu a ku ofesi, yang'anani m'foni mwanu lero: muli manambala angati a anthu a ntchito zina omwe mungawaimbire munthu wovutika ali pamaso panu?