Amai akaleka kusamba: funsani musanagule botolo la zitsamba

Nyengo ya malonda ikafika, alimi atagulitsa soya, nshawa ndi thonje, ogulitsa mankhwala a zitsamba nao amadziwa kuti m'matumba mwalowa kanthu. Timawaona pa misika, pa masiteshoni a basi, ngakhale panja pa chalichi pa Sondo mapemphero akatha. Ena ali ndi mizu ndi makungwa, ena mabotolo a mapilisi ndi mapaketi a tiyi olembedwa Cizungu, ndipo malonda ena ayenda pa WhatsApp. Pakati pa anthu amene amalondawa afuna kwambiri pali amai athu a zaka za m'ma 40 ndi 50, amene ayamba kumva kutentha m'thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kusowa tulo. Amauzidwa kuti botolo limodzi lidzabweza thupi m'malo, ndiponso kuti popeza ndi zomera za m'thengo palibe coopsa ciliconse.

Ife tiganiza kuti nkhani iyi ifunika kuikamba poyera. Ndalama zimene zipita ku mabotolo amenewa ndi za feteleza ndi za sukulu ya ana, ndipo nthawi zina cimene citayika ndi moyo wa mai wa banja.

Kuleka kusamba si matenda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti akazi ambiri amaleka kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55, ndipo mai amawerengedwa kuti walekadi pakapita miyezi 12 osaona magazi. Cimene cicitika n'cakuti thupi limacepetsa kupanga homoni yochedwa estrogen. Ikacepa, mbali ya ubongo imene iyang'anira kutentha kwa thupi imayamba kudzidzimuka ndi kusintha kocepa cabe, conco mai amangomva moto ukukwera kucokera pa cifuwa kufika kumaso, kenaka thukuta. Ena amakwiya msanga, ena amaiwala-iwala, ena amamva kuuma ndi kuwawa akakhala pamodzi ndi amuna ao. Kafukufuku wina wamkulu wa ku America wochedwa SWAN anaonetsa mu 2015 kuti kwa amai amene amavutika kawiri-kawiri, kutenthaku kumatenga zaka zoposa 7, ndipo kwa amai akuda a kumeneko kunafika zaka 10. Motero mai akadandaula, asauzidwe kuti ndi ulesi kapena kuti wina wam'lodza.

Ku cipatala kuli mankhwala obwezera mahomoni amene thupi laleka kupanga, ochedwa HRT. Mpaka lero palibe mankhwala ena amene acepetsa kutentha m'thupi kupambana amenewa. Koma mu July 2002 kafukufuku wochedwa Women's Health Initiative, wa amai 16,608 ku America, anaimitsidwa nthawi isanakwane, atapeza kuti amene anali kumwa estrogen pamodzi ndi progestin anali kudwala khansa ya m'mawere, sitroko ndi kuundana kwa magazi kuposa anzao. Pa amai 10,000 aliwonse, pa caka, odwala khansa ya m'mawere anaonjezeka ndi 8. Mbiri imeneyi inaopseza dziko lonse, amai ambiri anataya mapilisi ao, ndipo malonda a zitsamba anakula kucokera pamenepo.

Cimene sicinamveke bwino nthawi imeneyo n'cakuti amai a m'kafukufukuyo ambiri anali okalamba kale, zaka zao pa avareji zinali 63. Madotolo atabwereza kuona zotsatirazo m'zaka zapambuyo pake, anagwirizana kuti kwa mai wathanzi amene sanakwanitse zaka 60, kapena amene sipanapite zaka 10 cilekere kusamba, ubwino wa mahomoni nthawi zambiri uposa kuopsa kwake. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, sitroko, kuundana kwa magazi kapena matenda a ciwindi sayenera kumwa. Tidziwanso kuti mankhwalawa sapezeka wamba m'makiliniki a kumidzi, ndipo kugula ku famase kufuna ndalama mwezi ndi mwezi. Conco sitidabwa kuti amai afunafuna njira zina. Funso n'lakuti njira zimenezi zigwiradi nchito kapena iyai.

Tiyambe ndi soya, pakuti ndi mbeu ya m'minda yathu. Mu soya muli tinthu tochedwa isoflavones timene tifanana pang'ono ndi estrogen, koma mphamvu yake ndi yocepa kwambiri. Mu 2016 magazini ya madotolo ya JAMA inasonkhanitsa kafukufuku 62 wa amai oposa 6,000, ndipo inapeza kuti zomera za mtundu umenewu zimacepetsako pang'ono kutentha m'thupi kwa tsiku ndi tsiku ndi kuuma, koma thukuta la usiku silinasinthe. Cinanso, si onse amene athandizidwa, cifukwa mbali ina ya nchitoyi idalira tizilombo tabwino ta m'matumbo, ndipo timeneti tisiyana munthu ndi munthu. Ife tiona kuti phala losakaniza ufa wa soya, kapena ndiwo za soya, ndi cakudya cabwino comanga thupi, ndipo mlimi amene asungako thumba limodzi osagulitsa lonse sanataye kanthu. Soya iyenera kuwiritsidwa kapena kukazingidwa bwino isanagayidwe. Koma kugulitsa soya pa mtengo wotsika kuti mukagule mapilisi odula opangidwa kucokera ku soya yemweyo ndi malonda oluza.

Mankhwala ena ochuka m'mabotolo ocokera kunja ndi black cohosh, muzu wa comera ca ku North America. Mu 2006 ofufuza a ku Seattle anafalitsa zimene anapeza atatsatira amai 351 kwa caka cathunthu. Ena anapatsidwa black cohosh, ena mahomoni, ena mapilisi opanda mankhwala alionse koma osauzidwa. Mahomoni anathandiza kwambiri. Black cohosh sanapose mapilisi opanda kanthu aja. Caka comweco akuluakulu oona za mankhwala ku Britain analamula kuti mabotolo a black cohosh azikhala ndi cenjezo lakuti angaononge ciwindi. Nayo red clover, atayesedwa pa amai ku America mu 2003, sanaonetse phindu looneka. Mafuta odzola a wild yam amagulitsidwa ngati mahomoni acilengedwe, koma thupi la munthu silingathe kusandutsa za mu cilazi cimeneci kukhala homoni. Zimenezo zimatheka m'fakitale cabe. Mu 2023 bungwe la madotolo oona za nkhaniyi ku North America, litapenda umboni wonse, linati silingalimbikitse mapilisi a zitsamba pothetsa kutentha m'thupi.

Wina adzati: nanga mnzanga uja anamwa tiyi wakuti-wakuti ndipo anapeza bwino, ananama kodi? Sananame. Pa kafukufuku wa kutentha m'thupi, ngakhale amai amene apatsidwa mapilisi opanda mankhwala ambiri amanena kuti apezako bwino, cifukwa ciyembekezo cimatonthoza thupi, ndiponso vutoli limakwera ndi kutsika palokha. Wamalonda amadziwa kuti akagulitsa botolo kwa amai khumi, ena adzabwera kudzayamikira, ndipo amene sanathandizidwe adzangokhala cete.

Coopsa kwambiri kwa ife kuno ku Zambia ndi citsamba cochedwa St John's wort, cimene amasakaniza m'mapilisi ena a amai pofuna kukhazika mtima pansi. Citsamba cimeneci cimafulumizitsa ciwindi kucotsa mankhwala ena m'magazi. Kuyambira mu 2000 madotolo acenjeza kuti cimafooketsa ma ARV, ndipo dolutegravir amene ali mu piritsi la TLD limene ambiri akumwa ali m'gulu lomweli. Cimafooketsanso mapilisi a cilezi ndi warfarin, mankhwala oletsa kuundana kwa magazi. Tili ndi amai ambiri amene anayamba ma ARV zaka 20 zapitazo, analera ana ao mpaka kukula, ndipo tsopano afika msinkhu woleka kusamba. Zingakhale zacisoni kuti kacilombo kamene kanagona zaka zonsezi kadzuke kamba ka botolo logula pa msika. Ngakhale mapilisi a calcium ndi a iron amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'magazi ngati amwedwa pamodzi pamimba popanda cakudya, conco funsani anamwino za nthawi yoyenera kumwa.

Sitikunyoza mankhwala a makolo. Kwinini anacokera ku khungwa la mtengo, ndipo Coartem amene timamwa tikadwala malungo gwero lake ndi citsamba ca ku China. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala amenewa anayesedwa, mlingo wake udziwika, ndipo zoipa zake zinalembedwa. Muzu wa m'botolo lopanda dzina palibe amene adziwa mphamvu yake, ndipo wogulitsa mawa adzakhala ali pa msika wina. Masamba a moringa ndi ndiwo zabwino, koma palibe kafukufuku wamkulu amene anaonetsa kuti amathetsa kutentha m'thupi. Tipemphanso alangizi athu kuti aleke kuphunzitsa amai kuika mizu ndi ufa woumitsa ku malo obisika. Pa msinkhu umenewu khungu la kumeneko limakhala lopyapyala kale, ndipo likang'ambika matenda amalowa mosavuta. Ku famase kuli mafuta ofewetsa opangidwira nchito imeneyi, ndipo adotolo angalembe kirimu wa estrogen wopaka pa malo pomwepo.

Palinso ngozi ina, imene kwa ife iposa zonse. Mai akayamba kudzicitira yekha mankhwala kunyumba, angaphimbe matenda ena amene afanana ndi kuleka kusamba. Thukuta la usiku pamodzi ndi cifuwa ndi kuonda lingakhale TB. Kutentha thupi kungakhale malungo. Mtima kugunda kwambiri kungakhale BP kapena matenda a cithokomiro. Ndipo mai amene analeka kusamba caka cathunthu, akaonanso magazi ngakhale kadontho, apite ku cipatala sabata lomwelo, pakuti cimeneci cingakhale cizindikiro ca khansa ya ciberekero. Dziko lathu lili pakati pa maiko amene khansa ya khomo la ciberekero yafala kwambiri. Kupima khansa imeneyi kunayamba m'makiliniki a boma ku Lusaka mu 2006, ndipo tsopano kucitika m'zipatala za m'zigawo zonse. Ikapezeka msanga imacizika. Amai ambiri amafika ku Cancer Diseases Hospital mocedwa, atataya miyezi akumwa mizu. Makolo anati safunsa anadya phula.

Pali zinthu zosafuna ndalama zambiri zimene mai angacite. Kuvala zovala zopepuka za thonje, kugona m'cipinda copita mphepo ndi kusunga madzi akumwa pafupi ndi mphasa kumapeputsa usiku. Ena amaona kuti tiyi wotentha, tsabola kapena mowa ndi zimene zimayambitsa motowo. Fodya, kaya wosuta kapena wofwenkha, ndi wofunika kuleka. Amene ali onenepa kwambiri akacepetsako thupi, kutentha kumacepanso. Mafupa nao amayamba kufooka estrogen ikacepa, conco kapenta wodyedwa ndi minga yake, mkaka, repu ndi ciwawa ndi zofunika pa mbale, pamodzi ndi kuyenda ndi kugwira nchito za manja. Amene sangamwe mahomoni adziwe kuti madotolo ali ndi mapilisi ena opanda mahomoni amene anayesedwa ndipo amathandiza. Tikumbutsenso kuti mimba itheka pamene kusamba kukudumpha-dumpha. Malangizo a madotolo ndi akuti njira ya cilezi ipitirire caka cimodzi cilekere kusamba kwa amene apitirira zaka 50, ndi zaka ziwiri kwa amene sanafike 50.

Pempho lathu lipita ku mbali zingapo. Bungwe la ZAMRA, limene lamulo la mu 2013 linalipatsa mphamvu yoyang'anira mankhwala m'dziko muno, lifike ndi ku misika ya m'maboma, lione zimene zili m'mabotolo amenewa ndi zimene amalonda alonjeza. Asing'anga a m'bungwe la THPAZ athandize potumiza ku cipatala mai aliyense wobwera ndi magazi atasiya kusamba, ndipo azifunsa ngati munthu ali pa ma ARV asanapereke kanthu. Unduna wa za umoyo uphunzitse anamwino kukamba nkhaniyi, pakuti makiliniki athu amasamala mai ali ndi pakati ndiponso ali ndi mwana wa pa sikelo, koma akafika zaka 50 palibe amene am'funsa za thupi lake. Magulu a azimai m'maparishi ndi m'mipingo angaitane namwino pa msonkhano wao umodzi pa caka kuti amai afunse momasuka.

Azibambo, nanunso nkhaniyi ikukhudzani. Akazi anu akamataya bulangeti pakati pa usiku m'mwezi wa June, kapena akamakana kuyandikana nanu cifukwa ca kuwawa, sikuti cikondi catha. Aperekezeni ku kiliniki pa njinga yomwe mumanyamulira matumba a soya.

Ndipo inu amai, ngati mwagula kale botolo kapena mizu, musacite manyazi. Litengeni popita ku kiliniki pamodzi ndi mankhwala ena onse amene mukumwa, muonetse anamwino, ndipo mupemphe kuti akupimeni BP, shuga ndi khomo la ciberekero tsiku lomwelo.